Zomera ndi Chotupa cha mu Ubongo: Kodi Tingachiphe ndi Njala?

M'phunziro la lero tikamba za nthenda imodzi yoopsa, ndiponso za ntchito imene anthu anzeru akugwira kuti aigonjetse. Nthendayo ndi chotupa cha mu ubongo, ndipo ntchitoyo ndi yofunafuna m'masamba, m'makungwa ndi m'mizu mankhwala oti achimane magazi chotupacho. Mbiri ya ntchito imeneyi yafika kale m'midzi mwathu, koma yafika yopunduka. Pa mafoni ndi m'misika mukumveka mawu akuti akatswiri apeza kuti tiyi, mphesa kapena muzu wakutiwakuti uchiza khansa. Ndipo banja limene lili ndi wodwala, pomva zotere, silichedwa kugulitsa mbuzi ndi chimanga kuti ligule botolo la mankhwalawo. Nchifukwa chake tiyenera kudziwa bwino zimene zapezekadi, zimene zikali pa mayeso, ndi zimene Mkhristu ayenera kuchita.

1. Kodi chotupa nchiyani?

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Maselo amabadwa, amagwira ntchito yake, ndipo nthawi yake ikakwana amafa, ena nalowa m'malo mwake. Zonsezi zimayenda mwa dongosolo limene Mlengi adaika. Koma nthawi zina selo limodzi limaonongeka m'kati, ndipo limayamba kuswana losaleka, losamvera lamulo la thupi. Mulu wa maselo osamverawo ndiwo timautcha chotupa. Zotupa zina zimakula pang'onopang'ono ndi kukhala pamalo amodzi, ndipo dokotala angathe kuzichotsa wodwala nachira. Zina zimalowerera m'mnofu wabwino ndi kuuononga. Zimenezo ndizo khansa.

Chotupa cha mu ubongo chili ndi vuto lakelake. Mimba ikatupa khungu limatamuka, koma chigaza ndi fupa, sichitamuka ayi. Tsono kanthu kalikonse kokula m'menemo kamapanikiza ubongo. Mwa zotupa zonse zoyambira mu ubongo wa munthu wamkulu, choopsa koposa ndi chimene madokotala amachitcha glioblastoma. M'chaka cha 2005 dokotala Roger Stupp ndi anzake adaonetsa kuti wodwala akachitidwa opaleshoni, napatsidwa chithandizo cha cheza champhamvu pamodzi ndi mankhwala otchedwa temozolomide, moyo wake umatalikirako. Komabe ngakhale ndi thandizo lonseli, theka la odwala m'kafukufuku ameneyo lidamwalira isanathe miyezi 15. Apa mungaone chifukwa chake anthu akufunitsitsa njira ina.

2. Chotupa chiitana magazi

Selo lililonse lifuna chakudya ndi mpweya wabwino, ndipo zonse ziwirizi zimadza ndi magazi. Ubongo ndiwo umadya koposa: kulemera kwake ndi magawo awiri okha mwa magawo 100 a thupi lonse, koma umatha pafupifupi magawo 20 a mpweya umene munthu amagwiritsa ntchito ali chikhalire.

M'chaka cha 1971 dokotala wa opaleshoni ya ana wa ku Boston, m'dziko la Amerika, dzina lake Judah Folkman, adalemba ganizo limene anzake ambiri adayamba alikayikira. Iye adati chotupa sichingakule kupitirira milimita imodzi kapena ziwiri, ndiko kunena kukula kwa kanjere ka mawere, ngati sichipeza mitsempha yatsopano yochibweretsera magazi. Adatinso chotupacho chimatulutsa chizindikiro china choitana mitsempha, ndipo kuti munthu atapeza njira yoletsa chizindikirocho, chotupa chingakhale chaching'ono mpaka kalekale.

Alimi nonse mudziwa kaufiti. Kaudzu kameneka sikadzifunira kokha chakudya m'nthaka, koma kamalumikiza muzu wake ku muzu wa chimanga ndi kumayamwa zimene chimanga chadzikonzera. Chotupa chichita zofanana, koma chiposa kaufiti pa kuchenjera, pakuti m'malo mopita ku muzu, chimachititsa kuti muzu udze kwa icho. Maselo a pakati pa chotupa akayamba kusowa mpweya amatulutsa kanthu kena, ndipo mitsempha yoyandikana nayo ikakamva imaphuka nthambi zatsopano zolunjika ku chotupacho. Kanthu kameneka kadayamba kudziwika ndi ntchito ya Harold Dvorak ndi anzake m'chaka cha 1983, ndipo m'chaka cha 1989 Napoleone Ferrara adakapatula nakatcha VEGF.

Glioblastoma ndi chimodzi mwa zotupa zokhala ndi mitsempha yambiri koposa. Koma mitsempha yake ndi yomangidwa mwaphuma: yopindikapindika, ya makoma obooka, yodontha ngati dengu lotungira madzi. Madzi otuluka m'menemo amatupitsa ubongo, ndipo kutupa kumeneku ndiko kumadzetsa mutu waukulu, kusanza ndi kufooka.

3. Zopinga ziwiri

Wina angafunse kuti: ngati chizindikiro chadziwika, bwanji osangochitseka? Adayesadi. Mankhwala otchedwa bevacizumab, amene sachokera ku chomera koma amapangidwa m'mafakitale, amagwira VEGF ndi kuimanga. Boma la Amerika lidawaloleza pa khansa ya m'matumbo m'chaka cha 2004, ndipo pa glioblastoma yobwereranso m'chaka cha 2009. Odwala ambiri adapeza mpumulo, pakuti kutupa kudachepa. Koma m'chaka cha 2014 zidatuluka zotsatira za mayeso awiri akuluakulu pa odwala ongopezeka kumene ndi nthendayi, ndipo zidaonetsa kuti amene adalandira mankhwalawo sadakhale ndi moyo nthawi yaitali kuposa amene sadalandire. Chifukwa chake nchakuti chotupa chikatsekeredwa njira imodzi chimatsegula ina: chimatulutsa zizindikiro za mtundu wina, kapena maselo ake amakwawa m'mbali mwa mitsempha yakale ya ubongo namadya pomwepo. Ichi ndi chopinga choyamba.

Chopinga chachiwiri ndi mpanda umene Mulungu adatchingira ubongo. M'zaka za m'ma 1880 Mjeremani wina, Paul Ehrlich, adabaya nyama ndi utoto m'mitsempha, naona kuti ziwalo zonse zasanduka mtundu, koma ubongo watsala woyera. M'chaka cha 1913 wophunzira wake, Edwin Goldmann, adathira utotowo m'madzi ozungulira ubongo, ndipo apo ubongo wokha ndiwo udasanduka. Tsono zidadziwika kuti makoma a mitsempha ya mu ubongo ndi olukana kolimba, salola chinthu chilichonse kudutsa. Mpanda umenewu umatiteteza ku ziphe zambiri, koma umatsekerezanso mankhwala ambiri abwino. Pakati pa chotupa mpandawo umakhala wogumuka, koma m'mphepete, mmene maselo oipa amabisala pakati pa maselo abwino, umakhala ukali chiimire.

4. Zomera zidatipatsa kale mankhwala

Tisaganize kuti kufunafuna mankhwala m'zomera ndi ntchito yachabe. Kwinini, amene adapulumutsa anthu osawerengeka ku malungo, adachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Ansembe a chipani cha Ajezuiti ndiwo adathandiza kufalitsa khungwalo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo m'chaka cha 1820 Afalansa awiri, Pelletier ndi Caventou, adapatula mphamvu yake. Mankhwala a LA amene timalandira m'zipatala zathu ali ndi gawo lochokera ku chitsamba cha ku China, chimene mayi Tu Youyou adachifufuza, nalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2015.

Pa khansa napo zomera zathandiza. Pali kaduwa kena kofiirira, kena koyera, kochokera ku chilumba cha Madagascar, kamene ambiri amadzala pakhomo. Dzina lake la m'mabuku ndi Catharanthus roseus. Akatswiri awiri a ku Canada, Robert Noble ndi Charles Beer, ankafuna m'masamba ake mankhwala a nthenda ya shuga, koma m'chaka cha 1958 adalengeza kuti apezamo mankhwala ena, vinblastine, oletsa maselo kuswana. Mnzake wa mankhwalawo, vincristine, adalolezedwa m'chaka cha 1963. Lero vincristine amathandiza pa zotupa zina za mu ubongo, makamaka za ana, ndipo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre amamugwiritsa ntchito pa khansa za ana.

Koma taonani bwino mmene zidayendera. Kuti papezeke galamu imodzi yokha ya mankhwalawa pafunika makilogalamu mazanamazana a masamba ouma. Akapezeka amayezedwa mosamala molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa wodwala, ndipo amalowetsedwa mu mtsempha ndi anthu ophunzira ntchitoyo, pakuti akalakwitsa njira amapha. Munthu wowiritsa masamba a kaduwako m'mphika sangachire khansa, angangodzipweteka. Mankhwala alimodi m'tsamba, koma tsamba si mankhwala.

5. Zomera zimene zikali pa mayeso

Tsopano tione zomera zimene akatswiri akuziyesa pa ntchito yoletsa mitsempha ya chotupa.

Choyamba ndi tiyi wobiriwira. Amachokera ku chitsamba chomwecho chimene chimalimidwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, kungoti masamba ake sawalola kuda pokonza. M'chaka cha 1999 akatswiri a ku Karolinska, ku Sweden, adaonetsa kuti kanthu ka m'tiyi ameneyu, kotchedwa EGCG, kamachepetsa kuphuka kwa mitsempha yatsopano mwa nyama zoyeserapo.

Chachiwiri ndi turmeric, muzu wachikasu wofanana ndi jinja, umene Amwenye amakometsera ndiwo. Mphamvu yake imatchedwa curcumin. M'mbale za akatswiri, curcumin amafooketsa maselo a glioblastoma ndi kuchepetsa VEGF. Koma m'thupi la munthu amalowa movuta kwambiri: pa mayeso ena a ku Taiwan, olengezedwa m'chaka cha 2001, anthu omwa magalamu 8 pa tsiku adapezeka ndi kachigawo kochepa zedi m'magazi, pakuti matumbo ndi chiwindi zimamusintha ndi kumutaya msanga. Zofanana ndi zimenezi zaoneka ndi resveratrol wa m'makoko a mphesa, ndiponso genistein wa mu soya: m'mbale mphamvu ioneka, koma umboni wakuti achiza wodwala chotupa cha mu ubongo palibe.

Chachitatu ndi mtengo wa ku South Africa wotchedwa Combretum caffrum, umene abale ake ndi ambiri m'thengo lathu lino. M'zaka za m'ma 1980 George Pettit wa ku Arizona adapeza m'khungwa lake mankhwala otchedwa combretastatin. Iwowa sangoletsa mitsempha yatsopano, koma amagwetsa mitsempha imene chotupa chili nayo kale, kotero kuti pakati pake pamafa. Tsoka lake nlakuti maselo a m'mphepete amapulumuka, chifukwa amadya ku mitsempha yabwino, ndipo chotupa chimaphukanso ngati chitsa. Mankhwalawa ayesedwa pa anthu odwala khansa zina, koma mpaka lero sadalolezedwe.

Chachinayi chitikhudza ife Akatolika, pakuti ndi lubani. Utomoni wa mtengo wa ku India wotchedwa Boswellia serrata ndi mbale wake wa lubani amene timafukiza pa Misa. M'chaka cha 2011 madokotala a ku Freiburg, ku Germany, adalengeza mayeso a odwala 44 amene ankalandira cheza champhamvu m'mutu. Theka lidapatsidwa mankhwala a utomoniwo, theka lina mapiritsi opanda mankhwala, wodwala ndi dokotala yemwe osadziwa amene walandira chiyani. Kutupa kwa ubongo kudatsika kwambiri mwa odwala 60 pa 100 a gulu loyamba, ndi mwa 26 pa 100 a gulu lachiwiri. Imeneyi ndi nkhani yolimbitsa mtima, koma tisaikulitse: odwalawo adali ochepa, ndipo chimene chidatsika ndi kutupa, mayesowo sadatsimikize kuti chotupa chatha.

Chachisanu ndi chamba, chimene ena amachitama kwambiri masiku ano. M'chaka cha 2006 Manuel Guzmán ndi anzake a ku Spain adalengeza mayeso a odwala 9, amene adawathira mphamvu ya chamba m'chotupa mwenimwenimo kudzera m'kachubu. Palibe amene adachira. Mayeso ena akhala akuchitika pambuyo pake, koma palibe dokotala woona amene anganene kuti kusuta chamba kapena kumwa mafuta ake kuchiza chotupa.

Mwachidule, mpaka lero palibe mankhwala a chomera amene atsimikizika kuti amapha ndi njala chotupa cha mu ubongo wa munthu.

6. Chifukwa chiyani njira yake ndi yaitali?

Mankhwala atsopano amayenda ulendo wa masitepe ambiri. Poyamba amawayesa pa maselo m'mbale. Apa zinthu zambiri zimaoneka zamphamvu, pakuti ngakhale mchere wochuluka umapha maselo a m'mbale. Kenaka amayesa pa mbewa. Koma mbewa si munthu, ndipo chotupa chochita kubzalidwa mwa mbewa chisiyana ndi chimene chadzimerera chokha m'mutu mwa munthu. Pambuyo pake amayesa pa anthu ochepa odzipereka mwaufulu, kuti adziwe muyeso wosapweteka. Kenaka pa anthu ochulukirapo, kuti aone ngati athandizadi. Potsiriza pa mazanamazana, powayerekeza ndi chithandizo chimene chilipo kale. Ulendo wonse umatenga zaka khumi kapena kuposapo, ndipo mwa mankhwala khumi ofika poyesedwa pa anthu, pafupifupi asanu ndi anayi amagwera m'njira.

Tsono mukamva kuti kafukufuku wapeza zakutizakuti, funsani mafunso atatu: kodi adayesa m'mbale, pa mbewa, kapena pa anthu? Ngati ndi pa anthu, adali angati? Nanga adakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa anzawo? Akale adati safunsa adadya phula.

Dziwaninso kuti chinthu sichikhala chosapweteka chifukwa chakuti ndi chachilengedwe. Bowa wakupha nayenso ndi wachilengedwe. Mapiritsi a mphamvu ya tiyi wobiriwira, akamwedwa ochuluka, aononga chiwindi cha anthu ena. Chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa St John's wort chimafooketsa mankhwala ena a khansa ndi ma ARV ena, mwakuti wodwala amamwa mankhwala ake mokhulupirika koma osapindula nawo.

7. Nanga Mkhristu achite chiyani?

Buku la Mphunzitsi Sira, pa mutu 38, litiphunzitsa zinthu ziwiri pamodzi: kuti mankhwala a m'nthaka ndi mphatso ya Mulungu imene munthu wanzeru sainyoza, ndiponso kuti sing'anga wodziwa ntchito yake ayenera ulemu. Eklezia sadana ndi zitsamba, ndipo saopa nzeru za akatswiri. Chimene akana ndi bodza. Pa maziko amenewa tiike malangizo asanu.

Loyamba: pitani ku chipatala msanga. Mutu wambiri umene timadwala si chotupa ayi. Koma mutu wokulirakulira sabata ndi sabata, wovuta makamaka m'mamawa ndi wodza ndi kusanza. Khunyu loyamba munthu atakula kale. Kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi. Kuona zinthu ziwiriziwiri. Kusintha kwa khalidwe kosadziwika chiyambi chake: zimenezi zifuna dokotala. Tisathamangire kunena kuti walodzedwa, tingadanitse abale pachabe nthenda ili kukula. Zipatala zazikulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zili ndi madokotala a nthenda zimenezi, ndipo kumbukirani kuti zotupa zina za mu ubongo zimachotseka.

Lachiwiri: musasiye chithandizo cha ku chipatala chifukwa cha botolo la pamsika, ndipo ngati wodwala akumwa zitsamba zilizonse, muuzeni dokotala mosabisa. Lamulo lachisanu la Mulungu, loletsa kupha, litilamulanso kusamala moyo wathu ndi wa anzathu mwa njira zoyenera.

Lachitatu lipita kwa ogulitsa. Amene atenga ndalama za banja losweka mtima, nalonjeza machiritso amene iye mwini adziwa kuti alibe umboni, achimwira lamulo lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu pamodzi, pakuti akuba ndipo akunama. Ngati wodwalayo wachedwa ku chipatala chifukwa cha iye, mlandu wake ukula. Wotereyu ayenera kulapa ndi kubweza. Ifenso tisatumizire anzathu pa foni nkhani za machiritso zimene sitidazifufuze.

Lachinayi: pamene nthenda yakana kuchira, ntchito yathu sidathe. M'chaka cha 1957 Papa Pius XII adaphunzitsa kuti nkololedwa kupatsa wodwala mankhwala oletsa ululu, ndiponso kuti munthu sakakamizidwa kufuna chithandizo cholemetsa mopitirira muyeso. Morphine, amene amaziziritsa ululu waukulu, nayenso achokera ku chomera, duwa lotchedwa poppy. Ndipo mankhwala otsitsa kutupa kwa ubongo ndi oletsa khunyu alipo m'zipatala. Banja lisadziimbe mlandu ngati silingathe kugulitsa munda kuti liyese njira iliyonse. Wodwala asambitsidwe, adyetsedwe, achezeredwe ndi a mphakati wake, ndipo wansembe aitanidwe nthawi ikalipo kuti ampatse Sakramenti la Kudzoza Odwala ndi Ukaristia, iye akali wozindikira.

Lachisanu: tisunge nkhalango. Kaduwa ka ku Madagascar ndi mtengo wa ku South Africa zidakhala zaka zosawerengeka anthu osadziwa zimene zidabisika m'kati mwake. Mtengo umene tiutentha makala lero tisanaudziwe, mwina ndi umene adzukulu athu akadaufuna. Ndipo achinyamata athu a m'sukulu, amene Mulungu adawapatsa nzeru za sayansi, aone ntchito imeneyi ngati njira yotumikira abale awo.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Kuchokera pa ganizo la Folkman mpaka pa mankhwala oyamba oletsa VEGF padapita zaka 33, ndipo iye adamwalira m'chaka cha 2008 ntchito ikali pakati. Tiwapempherere onse ofufuza, kuti asatope ndiponso asaname. Tiwapempherere odwala ndi owasamala, mwa mapembedzero a Peregrine Woyera, nkhoswe ya odwala khansa.

Mafunso okambirana m'mabanja ndi m'miphakati

1. Chifukwa chiyani chotupa sichingakule popanda mitsempha yatsopano ya magazi?
2. Tchulani zopinga ziwiri zimene zimavutitsa mankhwala a chotupa cha mu ubongo.
3. Pali kusiyana kwanji pakati pa tsamba la kaduwa ka ku Madagascar ndi mankhwala a vincristine?
4. Ndi mafunso atatu ati amene tiyenera kufunsa tikamva za mankhwala atsopano?
5. Kodi m'mphakati mwanu muli wodwala amene nthenda yake yakana kuchira? Mudzamchitira chiyani sabata ino?